Ntchito yosalengezedwa imapita kwa wogogoda

Tsiku limene boma kapena bungwe lalikulu lalengeza kuti likufuna antchito, dziko lonse limatekeseka. Opanga fotokope amapha makwacha, ndipo maminibasi opita ku Lilongwe amadzaza ndi achinyamata ovala mataye obwereka, aliyense envulopu ya khaki kukhwapa. Mu June 2020, unduna wa zaumoyo utaitana anthu kuti akayesedwe pompopompo pantchito ya alangizi a zaumoyo, khamu limene lidafika pasukulu ya sekondale ya Katoto ku Mzuzu lidapondana pachipata mpaka anthu oposa 100 kuvulala.

Zimene zidachitika ku Katoto zidaonetsa kukula kwa ulova m'dziko muno. Zidaonetsanso chinthu china chimene sichikambidwa kawirikawiri, chakuti achinyamata ambiri ophunzira amadziwa khomo limodzi lokha lolowera pantchito, ndilo la ntchito yolengezedwa. Onse akathamangira khomo limodzilo, kupondana sikungalephere.

Mnyamata kapena mtsikana wa ku Dedza amene wasunga satifiketi ya MSCE kapena dipuloma m'sutikesi ayenera kudziwa kuti ntchito zambiri za m'boma lakelo sizidzatuluka m'nyuzipepala, pawailesi, ngakhale pagulu la WhatsApp. Zimapita kwa munthu amene adafika pakhomo pa mwini ntchito, n'kupereka moni, n'kufotokoza chimene amatha. Njira imeneyi ndi yololedwa ndipo palibe chochititsa manyazi. Chofunika n'kuidziwa bwino, komanso kuzindikira pamene imathera ndi pamene katangale amayambira.

Ntchito za ku Dedza zili kuti?

Kalembera wa 2018 adapeza anthu 830 512 m'boma la Dedza. Ofesi ya DC, chipatala cha boma, polisi, nthambi ya zankhalango ndi sukulu zonse kuziphatikiza pamodzi sizingalembe ngakhale kachigawo kakang'ono ka anthu amenewa. Kafukufuku wa zantchito amene ofesi ya National Statistical Office idachita mu 2013 adapeza kuti anthu 89 mwa 100 alionse ogwira ntchito m'dziko muno adali pantchito zosadutsa m'mabuku, zopanda kontirakiti kapena penshoni, ndipo 64 mwa 100 alionse adali muulimi. Kunena kwina, ntchito ya taye ndi desiki imene ambiri amailota ndi ya anthu ochepa zedi.

Aliyense amene amayenda mumsewu wa M1 kuchokera pa Linthipe, kudutsa pa Chimbiya, pa boma ndi pa mphambano ya ku Bembeke mpaka pa Lizulu m'malire ndi Ntcheu, amaona ndi maso kumene ndalama zimazungulira. Pali amalonda ogula mbatata ya kachewere, nyemba, kabichi ndi tomato, n'kumazitumiza ku Lilongwe ndi ku Blantyre pamalole. Pali masitolo a zipangizo zaulimi, zigayo, malo omwetsera mafuta, mahadiweya, akalipentala ndi ocheka matabwa a paini. Pali malo ogona alendo, sukulu zomwe si zaboma, zipatala za mipingo ndi makontirakitala a zomangamanga. Pachipata cholowera ku Mozambique pali maofesi othandiza amalonda kuolotsa katundu, ndipo tsidya linalo kuli Angónia, dera la ulimi kumene anthu amayankhula chinenero chomwechi.

Palinso malo a luso lamanja amene atchukitsa bomali. Dedza Pottery, imene idayamba mu 1987, imadziwika ndi makapu ndi mbale zadothi mpaka kunja kwa dziko lino. Kutsika phiri kupita ku Mua kuli KuNgoni, malo amene bambo Claude Boucher adakhazikitsa mu 1976, ndipo adaphunzitsa anthu ambiri kusema ziboliboli. Mapanga a Chongoni, amene ali ndi malo 127 a zojambula zamakedzana, adalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006 ndipo amakoka alendo ofuna owaperekeza. Luso loumba, losema kapena lolongosolera mlendo mbiri ya dera sililembedwa pa satifiketi ya MSCE. Limaoneka munthu akafika n'kulionetsa.

Chifukwa chake mabwana salengeza

Munthu wogula mbatata amene ali ndi malole awiri akafuna kalaliki wowerenga matumba, amamufuna mawa m'mawa. Kulengeza m'nyuzipepala kumafuna ndalama zambiri, ndipo chotsatira chake ndi mulu wa makalata ochokera ku Karonga mpaka ku Nsanje amene iye alibe nthawi yowawerenga. Koposa zonse, ntchito yakeyo ndi yogwira ndalama ndi katundu, choncho chimene amafuna kudziwa n'chakuti munthuyo ngwokhulupirika kapena ayi. Funso limeneli satifiketi siingaliyankhe. N'chifukwa chake amafunsa dalaivala wake, mkulu wa mpingo kapena mnzake wapamsika ngati akudziwa mwana wamakhalidwe abwino wodziwa masamu.

Nthawi zina ntchitoyo imakhala kulibe mpaka munthu atafika. Mwini sitolo amadziwa kuti mabuku ake ngosokonekera, kuti ngongole za makasitomala zikuiwalika, kapena kuti ndalama za pa Mpamba ndi Airtel Money sizikugwirizana ndi katundu amene watuluka. Amadandaula tsiku ndi tsiku koma sadaganizepo zolemba munthu. Tsiku limene kwafika mtsikana wonena kuti angathe kulongosola mabukuwo, ntchito imene kudalibe imabadwa pomwepo.

Izi si za ku Malawi kokha. Mark Granovetter, katswiri wa zachikhalidwe cha anthu wa ku America, adafufuza anthu 282 a m'tauni ya Newton, pafupi ndi Boston, amene adali atalowa ntchito zatsopano. M'buku lake la 1974, Getting a Job, adaonetsa kuti oposa theka adapeza ntchitozo kudzera mwa munthu wowadziwa. Chochititsa chidwi n'chakuti ambiri adathandizidwa ndi anthu amene ankangoonana nawo mwa apo ndi apo. Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Mnzako wapamtima amamva nkhani zomwe nawe ukumva, pomwe munthu wapatali pang'ono amayenda m'malo ena ndipo amamva zina.

Kwa mnyamata wa ku Mayani kapena ku Lobi, izi zikutanthauza kuti anzake amene amaswera nawo pabawo sangamuuze za ntchito, popeza nawonso akuisaka. Amene angamuuze ndi mphunzitsi wake wakale amene adasamukira kwina, mayi wa m'kwaya amene amagwira kuchipata, kapena kondakitala wa lole imene imabwera kudzagula nyemba kumudziko. Anthu oterewa ayenera kudziwa kuti iye akufuna ntchito, komanso mtundu wa ntchito imene angaithe.

Makolo adayenda ulendo wa selufu

Kudzifunira ntchito pakhomo pa bwana si chinthu chachilendo kwa anthu a ku Dedza. M'nthawi ya atsamunda, amuna a m'bomali ndi a ku Ntcheu adali m'gulu la zikwizikwi za anthu amene ankapita ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa. Ena ankalembedwa ndi Wenela kapena Mthandizi, mabungwe amene ankasankha okha mgodi kapena famu yoti munthu akagwireko. Koma ambiri ankapita paokha, ulendo umene unkatchedwa selufu. Ankadutsa ku Tete, kuoloka Zambezi mpaka kukafika ku Salisbury, imene lero ndi Harare, n'kumayenda khomo ndi khomo kufunsa ntchito ya ukhukhi, ya m'dimba, ya utelala kapena ya m'fakitale. Ankakonda selufu chifukwa munthu ankadzisankhira bwana ndipo akaona kuti malipiro ngochepa ankatha kupita kwina.

Ambiri mwa anthu amenewa sadapite patali ndi sukulu, ndipo chinenero cha kumene ankapitako ankachiphunzirira konko. Chomvetsa chisoni n'chakuti lero mdzukulu wawo, amene ali ndi mapointi abwino a MSCE, amachita manyazi kuyenda mtunda wa theka la ola kukafunsa ntchito pasitolo ya zipangizo zaulimi, ati anzake amuseka. Sukulu yaphunzitsa ana ambiri kuti ntchito yeniyeni ndi imene imabwera ndi kalata ya sitampa. Pomwe akudikira kalatayo zaka zikupita, ndipo chaka chilichonse ophunzira ena oposa 100 000 akulemba mayeso a MSCE n'kudzaima pamzere womwewo. Akuluakulu adati mbewa yamanyazi idafera kuuna.

Kugogoda kuli ndi mwambo wake

Mabwana ambiri amadandaula kuti achinyamata amabwera ndi mawu amodzimodzi akuti akufuna ntchito ina iliyonse. Mawu amenewa amasonyeza kuti munthuyo wavutika, koma samuuza bwana chimene angapindule akamulemba. Wofuna ntchito ayambe waphunzira za malo amene akupitawo. Adziwe zimene amagulitsa, nthawi imene amatanganidwa, ndi pamene zinthu zikuoneka kuti zikuwavuta. Akatero angathe kunena mawu ogwira mtima, monga akuti: “Bambo, ndaona kuti tsiku la msika makasitomala amadikira nthawi yaitali pasikelo. Ine masamu ndimawatha ndipo ndidasungapo mabuku a kalabu ya alimi kwathu. Mutandiyesa masiku a msika okhaokha mwezi uno mungaone nokha.” Bwana womva mawu otere ali ndi poyambira kuganiza.

Nyengo nayo ndi yofunika. Ntchito za ku Dedza zimayenda ndi kalendala ya ulimi. Masitolo a feteleza ndi mbewu amatanganidwa mvula ikamayandikira, choncho wofuna ntchito kumeneko afike mu September kapena October, mzere wa alimi usadayambe. Ogula mbewu amafuna anthu a pasikelo ndi olemba malisiti nthawi yokolola, kuyambira mu April. Omanga nyumba ndi malo ogona alendo amachulukidwa ntchito m'chilimwe, pomwe sukulu zomwe si zaboma zimasaka aphunzitsi chaka cha maphunziro chisadayambe. Kufika pakhomo ntchito itatha kale n'kungotaya nsapato.

Ngakhale ola lofikira lili ndi tanthauzo. Mwini bizinesi amapezeka m'mamawa akutsegula, asadayambe kuthamangathamanga. Ku Dedza, tauni imene ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1 600, m'mawa wa mu June ndi July umaluma mpaka m'mafupa, ndipo bulangete limakoma. Koma pakadafunda padajiwitsa galu. Bwana akaona munthu ataima pakhomo nthawi ya 7 koloko m'chisanu choterocho, wadziwa kale chinthu chimodzi chokhudza munthuyo asadatsegule n'komwe envulopu.

Munthu apite yekha. Kutuma malume kapena mlamu kuti akayankhule m'malo mwake kumapatsa bwana chithunzi cha munthu wosadziimira payekha, ndipo kandimverere adakanena za m'maluwa. Wachibale kapena mnansi angathe kutchula dzina lake kwa bwana, koma nkhope ndi mawu zikhale za mwini wake. Ayesetsenso kukumana ndi amene ali ndi mphamvu yolemba anthu. Makalata ambiri amathera m'kabati ya mlonda. Komabe mlondayo apatsidwe ulemu wake, chifukwa ndiye amadziwa nthawi imene bwana amapezeka ndiponso ngati pali wantchito amene akuchoka.

Kalata yofunsira ntchito ikhale ya tsamba limodzi, yolembedwera malo amenewo basi, yokhala ndi nambala ya foni imene imagwira. Kalata yafotokope imene dzina la kampani lachita kulembedwa ndi bolopeni pamwamba imadziwika msanga kuti yamwazidwa tauni yonse. Masatifiketi enieni asasiyidwe kwa munthu aliyense, asiyidwe mafotokope okha.

Chida china chimene ambiri amachinyozera ndi kalata ya umboni. Akatswiri atatu, Martin Abel, Rulof Burger ndi Patrizio Piraino, adachita kafukufuku ku South Africa amene zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2020. Adapeza kuti kuphatikiza kalata ya umboni yochokera kwa bwana wakale kudachulukitsa mwayi woitanidwa ndi 60 peresenti, ndipo amene adapindula kwambiri ndi amayi. Wachinyamata wa ku Thete kapena ku Kasina amene sadalembedwepo ntchito angaganize kuti alibe womulembera kalata yotere. Koma ngati adaphunzitsapo mongodzipereka pasukulu ya pulaimale, adasungapo ndalama za banki m'khonde, kapena adagwirapo ganyu kwa kontirakitala womanga buloko ya sukulu, ali ndi munthu amene angachitire umboni za khalidwe lake. Kalatayo ikhale ndi nambala ya foni ya woilembayo kuti bwana athe kufunsa yekha.

Yankho loyamba kawirikawiri limakhala lakuti malo kulibe. Wanzeru amathokoza, n'kufunsa ngati angadzabwerenso mwezi wamawa, komanso ngati bwanayo akudziwa mnzake amene akufuna munthu. Akanena kuti adzabweranso, abweredi tsiku lomwelo. Tsiku limene wantchito wina wadwala kapena wathawa ndi ndalama, dzina limene bwana amalikumbukira ndi la amene adabwera kawiri kapena katatu mwaulemu, popanda kutopetsa.

Kwa amene alibe luso lililonse, khomo loyenera kugogoda ndi la mmisiri. Amakaniko, owotcherera zitsulo, atelala ndi akalipentala ambiri m'dziko muno adaphunzira ntchito poimirira pambali pa mmisiri wina. Bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa mu 1999, limazindikira maphunziro a mtundu umenewu ndipo lili ndi njira zoyesera luso la anthu amene adaphunzirira pantchito kuti akhale ndi pepala.

Pamene kugogoda kumasanduka katangale

Alipo amene anganene kuti zonsezi n'kungokometsera kukondera, kuti ntchito zosalengezedwa ndi zomwe zija zimapita kwa ana a alongo a bwana. Nkhawa imeneyi ili ndi maziko. Kafukufuku amene Lori Beaman, Niall Keleher ndi Jeremy Magruder adachita m'dziko muno, n'kusindikizidwa mu 2018, adapeza kuti amuna akapemphedwa kubweretsa munthu woti alembedwe ntchito amabweretsa amuna anzawo, ngakhale kuti akauzidwa mwachindunji kuti abweretse mkazi amatha kupeza akazi oyenera. Kulemba anthu kudzera m'kudziwana kumasiya atsikana kunja, ndipo kumasiyanso mwana wa mlimi wosauka wa ku Chauma amene alibe wachibale m'tauni.

Koma kukhala pakhomo kudikira sikuchotsa vuto limeneli. Mwana amene alibe malume odziwika ndiye woyenera kugogoda kwambiri, popeza palibe amene adzatchule dzina lake iye kulibe. Kufika yekha kwa bwana ndi njira yokhayo yolowera m'bwalo limene anzake adalowa chibadwire.

Malire ake ali apa. Ntchito zaboma zili ndi malamulo akeake. Uphunzitsi, unamwino, ukalaliki wa kukhonsolo ndi ntchito zina zotere zimayenera kulengezedwa ndipo anthu apikisane kudzera m'mabungwe monga Civil Service Commission, Teaching Service Commission, Health Service Commission ndi Local Government Service Commission. Ntchito zimenezi amalipira ndi misonkho ya anthu onse, choncho munthu aliyense ayenera kumva za izo. Wina akanena kuti ali ndi njira yolowetsera dzina pamndandanda wa ntchito yaboma, bola apatsidwe kangachepe, ameneyo ndi wakuba kapena wakatangale, ndipo wopereka ndalamayo naye akuphwanya lamulo la Corrupt Practices Act la 1995. Malo ake ndi ku Anti-Corruption Bureau kapena kupolisi. Mwini golosale ali ndi ufulu wolemba amene wamukhulupirira chifukwa ndalama ndi zake, koma mkulu wa ofesi yaboma alibe ufulu umenewo.

Ngakhale kwa mabwana omwe si aboma, ntchito yeniyeni sigulidwa. Uthenga wa pafoni wonena kuti munthu atumize ndalama ya fomu, ya yunifolomu kapena ya intavyu ndi msampha. Atsikana ali ndi chiopsezo china, cha mabwana ofuna thupi posinthana ndi ntchito. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati khalidwe limeneli ndi mlandu umene munthu angakakhale nawo kundende zaka 5. Nkhani ya ntchito ikambidwe pamalo a ntchito, dzuwa likuswa mtengo. Bwana woitanira mtsikana kuresitihausi madzulo kuti akamalize zokambirana waulula kale cholinga chake.

Pakhalenso kusamala ndi ntchito zosalengezedwa zimene zimachita kumusaka munthu. Mu 2024 wailesi ya BBC idaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi oposa 50 amene adavutika m'dziko la Oman atalonjezedwa ntchito zabwino ndi maejenti, n'kukapezeka akugwira ukapolo m'nyumba za anthu, mapasipoti atalandidwa. Boma la Dedza lili m'malire, panjira yopita ku Tete ndi ku South Africa, choncho malonjezo otere si achilendo. Lamulo la Trafficking in Persons Act la 2015 limapereka chilango cha zaka 14 kundende kwa wozembetsa munthu. Kusiyana kwake n'koonekeratu. Wogogoda amapita pamalo amene akuwaona ndi maso, kwa bwana amene anthu akumudziwa. Wokodwa mumsampha amatsatira munthu wosamudziwa kupita kumalo amene sadawaonepo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wolowa ntchito pogogoda asaganize kuti wachitiridwa chifundo kotero kuti alibe ufulu. Lamulo la Employment Act la 2000 limamuteteza mofanana ndi amene adalowa kudzera m'nyuzipepala. Limati maola a ntchito asapitirire 48 pasabata, ndipo bwana amene ali ndi antchito asanu kapena kuposerapo apereke chikalata chofotokoza ntchito ndi malipiro. Mu February 2024 boma lidakweza malipiro otsikitsitsa a ntchito zambiri kuchoka pa K50 000 kufika pa K90 000 pamwezi, ndipo limawaunikanso nthawi ndi nthawi, choncho ndi bwino kufunsa ku leba mlingo umene ukugwira ntchito. Kuyesedwa masiku angapo n'kwabwino, koma masikuwo ndi malipiro ake zigwirizanidwe ntchito isadayambe. Alipo mabwana ena amene amayesa mnyamata mwezi wathunthu waulere, n'kumuchotsa, n'kuyesanso wina. Kumeneko n'kuba thukuta la mwana wa mnzako.

Mbali ya mabwana ndi atsogoleri

Kuti njira imeneyi ikomere onse, eni ntchito nawo achitepo kanthu. Sizifuna ndalama kusunga kope limodzi lolembamo dzina, luso ndi nambala ya aliyense wofunsa ntchito, kuti malo akapezeka bwana ayambe wayang'ana m'kopemo asadaimbire mlamu wake. Bwana wofunsa antchito ake kuti amupezere munthu anene poyera kuti akufuna maina a akazi ndi amuna omwe, popeza kafukufuku uja adaonetsa kuti akazi oyenera amapezeka akafunsidwa. Wantchito wochoka bwino, ngakhale waganyu, apatsidwe kalata ya umboni. Ndipo wachinyamata wobwera kudzafunsa ntchito ayankhidwe mwaulemu, chifukwa kumukalipira ngati wopemphetsa kumapha mtima wa ena khumi amene amve nkhaniyo.

Ofesi ya leba ya m'bomali isamangodziwika ndi milandu ya anthu ochotsedwa ntchito. Ingathe kusunga maina a achinyamata ndi maluso awo, n'kumawalumikiza ndi makontirakitala amene apata ntchito zachitukuko kukhonsolo. Mafumu ndi makhansala aziumirira kuti sukulu kapena mlatho ukamamangidwa m'dera lawo, anthu a komweko amve msanga za ntchito zimene zilipo, ndipo mndandanda usakhale wa abale a mfumu okhaokha. Sukulu za sekondale monga Dedza Government, Umbwi ndi Mtendere, pamodzi ndi ma CDSS a kumidzi, zingathe kupatula masana amodzi ophunzira a Fomu 4 asadatuluke, n'kuitana eni mabizinesi a m'deralo kuti adzafotokoze zimene amayang'ana polemba munthu. Mipingo ndi mizikiti, kumene olemba ntchito ndi ofuna ntchito amakhala pamalo amodzi sabata iliyonse, ingachite chimodzimodzi.

Kunena zoona, kugogoda sikungabale ntchito zokwanira achinyamata onse a ku Dedza. Lonjezo la ntchito 1 miliyoni limene lidamveka pa kampeni ya 2020 lidakopa anthu chifukwa vutoli ndi lalikulu kuposa khama la munthu mmodzi. Mbatata ya ku Bembeke ikadali kuchoka m'bomali yaiwisi m'matumba, ndipo ntchito zoikonza zikupezeka kwina. Udindo wokopa mafakitale, wokonza misewu ya kumidzi ndi wopereka magetsi odalirika ukadali pamapewa a boma, ndipo anthu apitirize kulifunsa.

Koma mnyamata amene adalemba MSCE zaka zitatu zapitazo sangadikire fakitale. Chimene angachite sabata ino n'kutenga pepala, n'kulemba malo khumi a ntchito amene angafikeko wapansi kapena panjinga, n'kufufuza chimene malo alionse akusowa, n'kupempha kalata ya umboni kwa munthu mmodzi amene adamuonapo akugwira ntchito. Mwina malo asanu ndi anayi amubweza. Koma pofika kumapeto kwa mwezi, mabwana khumi a m'dera lake adzakhala akudziwa dzina lake, nkhope yake ndi chimene amatha, zimene satifiketi ya m'sutikesi ija yalephera kuchita zaka zitatu zonsezi.